Mjigo Umodzi, Ndowa Zambiri: Kompyuta Imodzi Ikamatumikira Ofesi Yonse

Inu amene muli m'basi kupita ku ntchito ya usiku, inu amene mwangoweruka ndipo poto ali pamoto, a ku Leeds, a ku Dublin, a ku Joni, komanso a kwathu amene mwasungira bandulo pulogalamu ino, takulandirani. Ine ndikulankhula kuchokera ku Glasgow, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta a makampani ang'onoang'ono, aja a madesiki khumi kapena makumi awiri, amene sangakwanitse kulemba munthu wawowawo wa IT.

Lero nkhani yathu ndi ya kabokosi. Ngati munagwirapo ntchito ku call centre, kubanki kapena kuchipatala kuno, mwina munakaona. Kamakhala kuseri kwa sikirini kapena pansi pa desiki, kukula kwake ngati buku la nyimbo, kopanda phokoso, kopanda fani. Mumalemba dzina ndi pasiwedi, Windows n'kutseguka. Mawa mukakhala pa desiki ina, kapena m'chipinda china, mumapeza zinthu zanu zili momwe munazisiyira, ngakhale kalata imene munailemba theka. Ambiri amangoti ndi kakompyuta kakang'ono. Dzina lake ndi thin client, ndipo chimene mumaona pa sikiriniyo sichichitikira m'kabokosiko ayi. Chimachitikira pa kompyuta ina yaikulu, imene mwina simunaionepo n'komwe.

Ndasankha mutu umenewu chifukwa cha funso limene ndakhala ndikulandira kwa anzathu amene atsegula mabizinesi kuno, makamaka osamalira okalamba m'makomo, oyeretsa maofesi ndi otumiza katundu kumudzi. Pa 14 October 2025, Microsoft inasiya kutulutsa zigamba zachitetezo zaulere za Windows 10. Makompyuta ambiri akale, ngakhale akuyenda bwinobwino, Windows 11 imawakana chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Kampani ikafuna kupitiriza kulandira zigambazo imalipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, ndipo chaka chotsatira mtengowo umawirikiza. Ndiye mwini bizinesi amandifunsa kuti, aise, ndigule makompyuta atsopano onse, kapena ndigule imodzi yamphamvu yoti tonse tizigawana? Yankho lilipo, koma lili ndi nthambi, choncho tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi mmene zimayendera. Ganizirani mudzi umene banja lililonse linakumba chitsime chake kuseri kwa nyumba. Chitsime chilichonse chimafuna chivundikiro chake, chingwe chake, mankhwala ake, ndipo china chikagwera chule, mwini wake yekha ndi amene amadziwa. Umo ndi mmene ilili ofesi imene desiki iliyonse ili ndi kompyuta yakeyake. Tsopano ganizirani mudzi wa mjigo umodzi. Madzi ali pamalo amodzi, komiti imasamalira malo amodzi, ndipo aliyense amangobwera ndi ndowa. Kompyuta yaikulu ija, imene timaitcha seva, ndiye mjigo. Thin client ndi ndowa.

Mukadina chilembo pa kiyibodi, kabokosi kaja kamatumiza uthenga ku seva kudzera pa netiweki kuti munthu uyu wadina chakuti. Seva ndi imene imatsegula Excel, kuwerengera ndi kusunga fayilo. Ikatero imabweza chithunzi cha mbali ya sikirini imene yasintha, kabokosiko n'kukuonetsani. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, moti maso anu amangoona ngati kompyuta ili pomwepo. Chilankhulo chimene awiriwa amalankhulirana chili ndi mitundu. Cha Microsoft ndi RDP. Citrix ili ndi chake chotchedwa ICA. Palinso VNC, imene inapangidwira ku Cambridge kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Onsewa ntchito yake ndi imodzi: zala zanu zipite, chithunzi chibwere, koma fayilo yeniyeniyo isachoke pa seva.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa ambiri a ife. Mu 1961, ku MIT ku America, anaonetsa kompyuta imodzi ikutumikira anthu angapo nthawi imodzi, aliyense ali pa makina ake olembera. M'zaka za m'ma 1970 mabanki ndi makampani a ndege ankayenda choncho, sikirini ya zilembo zobiriwira pa desiki, kompyuta yaikulu ili m'chipinda chozizira. Kenako kunabwera kompyuta ya munthu payekha, ndipo dera lathu lino linadyerapo. Mukakwera sitima kuchoka ku Glasgow Central kutsika ndi mtsinje wa Clyde mufika ku Greenock, kumene IBM inali ndi fakitale yaikulu ku Spango Valley, yopanga makompyuta ogulitsa ku Ulaya konse. Ku Erskine kunali Compaq. Chigawo chonsechi ankachitcha Silicon Glen. Desiki iliyonse inapeza chitsime chake. Koma makampani sanachedwe kuona kuti kusamalira zitsime mazanamazana n'kotopetsa, ndiye mjigo unabwerera. Citrix inatulutsa WinFrame mu 1995, Microsoft inatsatira ndi Terminal Server mu 1998, ndipo a Linux anayamba LTSP mu 1999. Lero mafakitale aja kulibe, koma timabokosi tija tadzaza m'maofesi a mumzinda uno.

Pali njira ziwiri zogawanira seva, ndipo wogulitsa akabwera kwa inu muyenera kudziwa imene akunena. Yoyamba ndi ya poto mmodzi. Windows Server imodzi, mapulogalamu amodzi, anthu onse amalowa m'menemo, aliyense ndi dzina lake ndi mafoda ake. Microsoft imaitcha Remote Desktop Services. Ndi yotchipa, yosavuta kusamalira, koma mmodzi akatapa kwambiri, ena amachepekedwa. Yachiwiri ndi ya mbalembale. Seva ija imagawidwa kukhala makompyuta ongoyerekeza, aliyense yakeyake, ndipo wina akaononga yake za anzake sizikhudzidwa. Imeneyi ndi VDI. Imafuna seva yamphamvu ndi ndalama zochuluka. Masiku ano mukhozanso kubwereka zonse ziwirizi osagula seva n'komwe, kudzera pa Azure Virtual Desktop kapena Windows 365, n'kumalipira pamwezi ngati lendi. Kwa ofesi ya anthu osapitirira makumi awiri amene ntchito yawo ndi yofanana, poto mmodzi amakwana.

Nanga mwini bizinesi amapindula chiyani? Ndipereke chitsanzo cha kampani ina imene ndimaithandiza kum'mwera kwa Clyde, yotumiza osamalira okalamba m'makomo. Muofesi muli madesiki 12. Amakonza ndandanda ya amene apite kwa ndani, malipiro a antchito, ndi mafayilo a anthu amene akuwasamalira: matenda awo, mankhwala awo, manambala a abale awo, mpaka nambala yotsegulira kabokosi ka makiyi pakhomo. Nditayamba kugwira nawo ntchito, mafayilo amenewa anali paliponse. Ena pa kompyuta ya wolandira alendo, ena pa laputopu imene imapita kunyumba Lachisanu, ena pa fulashi ya m'chikwama. Ndandanda ya sabata imodzi inali ndi makope atatu osiyana, ndipo palibe amene ankadziwa lolondola. Tsiku lina agogo ena anadikira mpaka masana opanda wowadzutsa, chifukwa wokonza ndandanda anatsegula kope lakale. Apa mukuona kuti nkhaniyi imafika pa moyo wa munthu.

Titaika zonse pa seva imodzi, kope linatsala limodzi. Wina akasintha ndandanda, onse amaona kusinthako. Pulogalamu ikafuna kukonzedwa ndimaikonza kamodzi, usiku, osati kuzungulira madesiki 12. Wantchito watsopano akabwera ndimamutsegulira dzina m'mphindi zochepa, ndipo wina akachoka ntchito ndimatseka dzina lake, basi, alibenso polowera. Makompyuta akale aja amene Windows 11 inawakana sitinataye. Tinafufuta zonse zimene zinali m'menemo n'kuikamo Linux yopepuka imene ntchito yake ndi kungotsegula khomo la ku seva. Anasanduka ndowa, ndipo ndowa sifuna injini.

Phindu lalikulu kuposa onse ndi lakuti wakuba akanyamula kabokosi, wanyamula chitsulo chabe. Mumzinda uno muli phunziro pa zimenezi. Mu 2013, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu kuno ku UK, ya ICO, inalipiritsa Glasgow City Council mapaundi 150,000 chifukwa cha malaputopu awiri amene anabedwa ali osatsekedwa ndi encryption. Imodzi inali ndi mbiri za anthu oposa 20,000. Khonsolo ikhoza kulipira n'kupitiriza ntchito. Kampani ya mlongo wathu ya madesiki 12 ikakumana ndi zoterezi, mwina ndiye kutseka. Lamulo la kuno, UK GDPR pamodzi ndi Data Protection Act ya 2018, limati zinsinsi za anthu zikatayika mwanjira yoika eni ake pachiswe, muyenera kudziwitsa ICO pasanathe maola 72. Ndiye pali makhonsolo amene amakupatsani makontirakiti, pali a Care Inspectorate, pali mabanja a okalambawo. Onsewo adzafuna kudziwa kuti fayilo ya mayi awo inkatani m'chikwama cha munthu pa basi.

Mpaka apa zikumveka zokoma, eti? Koma akulu anati walira mvula walira matope. Tiyeni tione matopewo, chifukwa ogulitsa sakonda kuwatchula.

Choyamba, mjigo ukathyoka mudzi wonse ulibe madzi. Muofesi ya makompyuta osiyanasiyana, imodzi ikafa, munthu mmodzi ndi amene amakhala manja lende. Seva ikafa, kapena switch imene imalumikiza mawaya onse ikapsa, anthu onse 12 amangoyang'anana. Ambiri mukukumbukira za mapasipoti kwathu kumayambiriro kwa 2024. Makina a ku Immigration anaima, ndipo mu February Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makinawo n'kumafuna dipo. Kwa masabata angapo pasipoti sinkatuluka, ndipo ena mwa inu munali ndi abale amene ulendo wawo unaima chifukwa cha zimenezo. Kunonso zimachitika. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi mu 2020, bungwe loona za chilengedwe ku Scotland, SEPA, linatsekeredwa makompyuta ake ndi ransomware. Linakana kulipira, ndipo kubwezeretsa zinthu kunatenga miyezi yambiri. Ngati mabungwe aakulu chonchi amagwa, seva yanu ya pansi pa masitepe si yapadera.

Choncho musanagule seva, gulani njira yodzukira ikagwa. Ine lamulo langa ndi lakuti mafayilo akhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumbayo, losalumikizidwa ndi seva nthawi zonse. Chifukwa chake n'chakuti ransomware ikalowa imatseka chilichonse chimene ikuchifikira, kuphatikizapo disiki ya backup imene mwaisiya yolumikiza. Ndiponso backup imene simunayesepo kuibwezeretsa musaiwerengere. Kamodzi pa miyezi itatu sankhani fayilo, ifufuteni mwadala, muone ngati ibwerera komanso kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Seva ikhale ndi batire la UPS, ikhale ndi madisiki awiri olemba zofanana, ndipo isakhale m'kabati ya pafupi ndi boila. Nyumba zakale za ku Glasgow zimazizira, inde, koma kabati yotseka yokhala ndi seva mkati imatentha ngati Nsanje mu October. Ku kampani ija tinagwirizananso kuti madzulo aliwonse ndandanda ya mawa isindikizidwe papepala n'kutsekeredwa m'kabati. Seva ikadzafa m'mawa, agogo adzadzutsidwabe.

Chachiwiri ndi khomo. Ubwino wa seva ndi wakuti mukhoza kuifikira muli kunyumba, ndipo nthawi ya Covid mu 2020 makampani ambiri anapulumukira pamenepo. Koma pali njira yachidule imene anthu amakonda: kutsegula khomo la RDP, nambala yake 3389, pa rauta, kuti aliyense alowe kuchokera pa intaneti. Chonde, abale anga, musatero. Pali makompyuta padziko lonse amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kugogoda pa khomo limeneli, kuyesa mayina ndi mapasiwedi zikwizikwi mpaka lina litalola. Mu 2019 kunapezekanso bowo lotchedwa BlueKeep, limene pa Windows zakale linkalola munthu kulowa opanda pasiwedi n'komwe. Ngati anthu akufunika kulowa ali kutali, adutse pa VPN kapena pa Remote Desktop Gateway, ndipo pakhale chitsimikizo chachiwiri pa foni. Komanso aliyense akhale ndi dzina lake. Ofesi imene onse amalowa ndi dzina loti "office" ndi pasiwedi yolembedwa pa kapepala komata pa sikirini yataya theka la phindu lonse, chifukwa fayilo ikasowa simungadziwe amene anaigwira.

Chachitatu ndi malayisensi, ndipo apa ndi pamene bajeti ya ambiri imathyokera. Windows 11 Pro imalola munthu mmodzi yekha pa nthawi. Wachiwiri akalowa, woyamba amatulutsidwa. Pa intaneti mupeza timapulogalamu tothyola malire amenewa, koma kutero n'kuphwanya mgwirizano wa layisensi, ndipo Windows ikangolandira zigamba zatsopano timapulogalamuto timasiya kugwira, kawirikawiri Lolemba m'mawa. Njira yovomerezeka ndi Windows Server, kuphatikiza layisensi yotchedwa RDS CAL ya munthu aliyense kapena kabokosi kalikonse. Msampha wake ndi uwu: seva imakupatsani masiku 120 oyeserera popanda malayisensiwo. Munthu wosakhulupirika akhoza kukuikirani zonse, zikuyenda bwino, mwamulipira, wapita, ndiye pakatha miyezi inayi aliyense akukanidwa kulowa. Funsani kuti malayisensi agulidwa m'dzina la ndani, ndipo muone umboni. Word ndi Excel nazonso zimafuna pulani ya Microsoft 365 yolola kugawana kompyuta, monga Business Premium, osati ija yotchipitsitsa. Amene ntchito yawo yonse ili mu browser akhoza kuthawa ndalama zonsezi pogwiritsa ntchito seva ya Linux, ndi xrdp kapena LTSP, zimene ndi zaulere. Koma fufuzani kaye ngati pulogalamu yanu ya malipiro ingayende pamenepo.

Chachinayi ndi ntchito zimene sizikonda mjigo. Kulemba makalata, maakaunti, ndandanda, zonsezi zimayenda bwino chifukwa sikirini imasintha pang'onopang'ono. Vidiyo ndi nkhani ina. Msonkhano wa pa Teams kapena Zoom umasintha chithunzi chonse nthawi iliyonse, ndipo anthu asanu akayamba misonkhano nthawi imodzi, seva imalemedwa, mawu amadukaduka, ndipo amene akungolemba kalata amaona zilembo zikubwera mochedwa. Njira zochepetsera vutoli zilipo, zokankhira ntchito ya vidiyo ku kabokosi komweko, koma zimafuna kabokosi kamene kangakwanitse. Mapulinta ndi masikana nawonso ali ndi makani awo. Ndipo nthawi zonse pamakhala m'bale mmodzi wotsegula masamba 40 mu Chrome, wina wa mpira, wina wa nyimbo, n'kudya memory ya ofesi yonse. Ine powerengera ndimaika magigabaiti 4 pa munthu aliyense, n'kuonjezera ena apadera. Ngati bizinesi yanu ndi yokonza mavidiyo a maukwati kapena yojambula mapulani a nyumba, gulani makompyuta amphamvu a pa desiki, nkhani ya lero si yanu.

Tsopano tiyeni kumudzi, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuwerengera. Mukuti, seva ili ku Glasgow, ndiye mng'ono wanga amene anamaliza ku MUBAS ndipo akungokhala, bwanji azindilembera maakaunti ali ku Blantyre? Maganizo abwino, koma pali zinthu ziwiri. China ndi mtunda. Kuchoka ku Blantyre ya kuno, kwawo kwa David Livingstone, kufika pakati pa Glasgow, uthenga umapita n'kubwera musanaphethire. Kuchoka ku Blantyre ya kwathu, uthengawo uyenera kudutsa ku Mozambique kapena ku Tanzania, kulowa m'mawaya a pansi pa nyanja, kufika ku Ulaya, n'kubwereranso. Ulendo umenewo umatenga pafupifupi mamilisekondi 200. Pa WhatsApp simungazindikire, koma pa kompyuta imene chilembo chilichonse chiyenera kupita n'kubwera, zimamveka ngati mukulemba m'phala. Zimatheka, koma zimafuna kuleza mtima. Ndipo mawayawo amaduka. Mu May 2024 mawaya a EASSy ndi Seacom anaduka, intaneti n'kufooka m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, Malawi yomwe. Ngati antchito ambiri ali kumudzi, n'kwanzeru kubwereka seva ku Johannesburg, kumene Microsoft ili ndi malo ake kuyambira 2019, kusiyana ndi ku London.

China ndi lamulo. Munthu amene ali kunja kwa UK akamaona mbiri za makasitomala anu pa sikirini, ngakhale fayilo isanachoke pa seva, lamulo la kuno likhoza kuona ngati mwatumiza zinsinsizo kunja, makamaka ngati munthuyo si wantchito wa kampani yanu. Pali mapepala oyenera kusainidwa, ndipo makontirakiti ena a makhonsolo amaletseratu. Malawi nayo ili ndi Data Protection Act yake ya 2024. Ndiye musanapatse mng'ono wanu pasiwedi, werengani kontirakiti yanu ndipo funsani wodziwa malamulo. Chibale sichingakuyankhireni kwa ICO.

Kumene nzeru imeneyi imawala kwenikweni kwathu ndi pamene seva ndi timabokosi zili m'nyumba imodzi, monga pasukulu, pa SACCO, pa kachipatala kapena pa ofesi ya maakaunti. Chifukwa chake ndi magetsi. Thin client imadya mawatsi 10 kapena kuposera pang'ono, pamene kompyuta yakale ya pa desiki imadya 60 kapena kuposa. Tiyerekeze madesiki khumi, osawerengera masikirini. Makompyuta wamba akufuna mawatsi 600. Timabokosi khumi ndi seva yaing'ono sizifika ngakhale theka lake. Kuno kusiyana kumeneku kumangochepetsa bilu. Kwathu ndiye kusiyana kwa kugula jenereta ndi kugula masola ochepa ndi mabatire. Kumbukirani 2022, namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mmene magetsi ankazimira tsiku lonse. Magetsi akathima pa ofesi ya seva yokhala ndi batire, timabokosi tikhoza kuzima, koma ntchito ya aliyense imakhala ikudikira pa seva momwe anaisiyira. Timabokosito tilibenso fani yokoka fumbi, ndipo wakuba sapeza msika wake wabwino ku Limbe. Inu amene mumatumiza makontena, ganizirani zimenezi. Makampani a kuno akutaya makompyuta abwinobwino chifukwa cha Windows 11. Pali mabungwe ngati Turing Trust ya ku Edinburgh amene amatolera makompyuta otere, kufufuta za mkati, n'kutumiza ku masukulu a ku Malawi. Kompyuta imene yakalamba kukhala chitsime ikhoza kukhala ndowa zaka zina zisanu.

Ndiye kwa inu amene mwafunsa kuti ndigule ziti, nayi miyeso yanga. Ngati muli anthu atatu kapena anayi, ndipo zonse mumachitira mu browser, musavutike ndi seva. Gulani malaputopu abwino, yatsani encryption, sungani mafayilo pa malo amodzi a pa intaneti, mwatha. Ngati muli khumi kapena kuposa, mumagwiritsa ntchito mapulogalamu ofanana, mumasinthana madesiki, ndipo mumasunga zinsinsi za anthu, seva yogawana ndi yoyenera kuiganizira. Koma munthu amene akufuna kukuikirani mumufunse mafunso atatu, ndipo mayankho akhale olembedwa. Seva ikafa Lolemba 8 koloko m'mawa, tidzayambanso ntchito nthawi yanji? Munthu wa kunja amalowera khomo liti, ndipo chimamuletsa n'chiyani? Nanga iweyo ukadzasamuka, kapena tikadzayambana, pasiwedi yaikulu ndi malayisensi zili m'manja mwa ndani? Funso lachitatuli ndi limene anthu athu amachita nalo manyazi, chifukwa woikayo nthawi zambiri ndi mnzathu wa kutchalitchi kapena mwana wa achimwene. Funsanibe. Pasiwedi yaikulu ilembedwe, iikidwe mu envulopu yomata, isungidwe ndi mwini bizinesi. Mjigo wa mudzi sukhala ndi kiyi mmodzi m'thumba la munthu amene akhoza kupita ku Joni mawa.

Mawu omaliza apite kwa achinyamata amene mukufuna kulowa mu IT koma simukudziwa poyambira. Mabanki aakulu amene ali mumzinda uno, Barclays ku Tradeston, JP Morgan ndi Morgan Stanley pakati pa tauni, zipatala, makhonsolo, onsewa amafuna anthu odziwa kusamalira makompyuta ogwiritsidwa ntchito patali. Kuphunzira kwake sikufuna ndalama zambiri. Pezani laputopu yakale, ikanimo Ubuntu ndi xrdp, tsegulani mayina atatu, ndiye lowanimo kuchokera pa foni, pa laputopu ina, kapena pa Raspberry Pi. Zimitsani dala, muone chimene chichitike. Fufutani fayilo, muibwezeretse. Microsoft imaperekanso Windows Server yoyeserera kwa masiku 180 kwaulere, ndipo mukazolowera pali mayeso a AZ-140 okhudza Azure Virtual Desktop. Pa intavyu, munthu amene anganene kuti ndinamanga, inagwa, ndinaidzutsa motere, amamveka mosiyana ndi amene wangoloweza mabuku.

Tafika kumapeto kwa gawo la lero. Ngati muli ndi bizinesi ndipo makompyuta anu akadali pa Windows 10, sabata ino werengani kuti alipo angati ndipo mulembe kumene fayilo iliyonse yofunika ikukhala. Mukatero mudzadziwa nokha ngati mukufunika seva kapena ayi. Mafunso anu tumizani monga mwa nthawi zonse, ndipo gawoli mugawireko amalume aja amene ali ndi kampani koma pasiwedi yawo ndi dzina la mwana wawo woyamba. Valani zotentha, kunjaku sikukuseka. Tikumane gawo likudzali.